Amayi ankalira atagwada, iye akudya nzimbe

Pali nkhope imodzi imene yakana kuchoka mmutu mwanga chiyambire chaka cha Freddy chija, nde lero ndati ndingolemba basi, mwina ndikalemba mtima ukhalako pansi.

Mu March 2023 namondwe uja atadutsa, nyumba ya amayi kwathu kuno ku Mulanje inagwa khoma limodzi ndipo denga linapita lonse. Ife tinali ndi mwayi, anzathu cha ku Muloza ndi ku Phalombe anakwiriridwa ndi matope ndi miyala yochokera mphiri, ena mpaka lero sanapezeke. Nde pachibale tinasonkherana, achimwene a ku Joni anatumizako, ine ndinakatenga ngongole ku banki m'khonde, achemwali anagulitsa mbuzi ziwiri, mpaka ndalama ya malata ndi misomali inakwana. Zoti apite ndani kukagula ku Limbe sitinakambirane nkomwe, aliyense anangoti alamu. Akanapitanso ndani? Munthu wodziwa kunenerera mitengo, woyimba kwaya, pa ukwati akagwira maiki pa perekaniperekani anthu ankafupa mpaka ya thiransipoti yomwe, pa maliro ndi amene ankayamba kufika ndi nkhuni paphewa. Amayi ankachita kunyadira kuti mkamwini uyu nde Mulungu anandipatsa mwana wamwamuna.

Anapita Lachiwiri. Anabwera Loweruka, opanda lata olo limodzi, atavala nsapato zatsopano.

Poyamba anati amubera mu minibasi. Mawa lake anati anapatsa mnyamata wa lole kuti abweretse katunduyo nde mnyamatayo sakuyankha foni. Atauzidwa kuti pali munthu anamuona ku Luchenza masiku atatu onse akugulira anthu mowa, sanadzidzimuke olo pang'ono, sanachite chibwibwi, anangoyamba nkhani ina yachitatu bwinobwino ngati ziwiri zoyamba zija sanazinene ndi iyeyo. Koma chimene ndikufuna kunena si bodzalo ayi, abodza tili nawo ambiri ndipo wabodza wamba ukamugwira amatuluka thukuta, amakalipa, amayang'ana pansi. Chimene ndinaona ine ndi ichi. Amayi, munthu wamkulu, mpongozi, anagwada pansi pamaso pa mkamwini, chinthu choti kwathu kuno sichichitika, akulira ngati mwana, amvekere “Bambo, ndigona kuti ine? Mvula ikubwerayi ndilowera kuti?” Iye anakhala pa njerwa za khoma logwa lomwe lija, nzimbe mmanja, akusenda ndi mano, kutafuna, kulavulira pambali. Ankawayang'ana amayi, sanathawitse maso ayi, koma ankawayang'ana mmene umayang'anira nkhuku ikamadutsa pabwalo. Panalibe mkwiyo, panalibe manyazi, panalibe chilichonse. Kenako anati, “Amayi, dzukani, mudetsa chitenje.”

Patapita masiku awiri ankhoswe anakumana, amalume analipo, ndipo pamenepo alamu analira. Koma kulira kwake! Misozi yeniyeni, mawu akunjenjemera, kutchula mavesi, kupepesa aliyense ndi dzina lake, mpaka amalume omwe anabwera atalusa aja anayamba kunena kuti tonse ndife anthu, timalakwa. Ine ndemwe ndinapukuta misozi. Pasanathe mphindi khumi ndinazungulira kuseri kwa kitchini kukatenga madzi, ndinamupeza akuimba likhweru akuyang'ana zigoli za mpira pa foni, maso owuma gwa, nkhope yosalala ngati wangodzuka kumene. Atandiona anangoti, “Alamu, muli ndi tchaja?”

Anthu anayankhula zambiri. Ena amati anakhwimira bizinesi nde mankhwalawo anamudya mtima, ena amati ndi chiwanda tikamupempherere, ena amangoti ndi tambwali basi. Mnzanga wina yemwe ndi nesi ndipo anaphunzirako za matenda a maganizo ndi amene anandipatsa liwu loti psychopathy, ndipo anandichenjeza kuti ndisamayende ndikuloza anthu chala kuti uyu ndi psychopath chifukwa kuyeza kwake ndi ntchito ya akatswiri, imatenga maola ndi mafayilo a mbiri ya munthuyo. Nde sindikunena kuti alamu aja ndi chimenecho. Ndikunena kuti nditayamba kuwerenga usiku pa foni, bandulo kumangotha, ndinapeza nkhope ija ya pa njerwa ija italembedwa ndi anthu amene sanapondepo ku Mulanje.

Choyamba chimene chinandidabwitsa n'chakuti si misala. Ife tikamva za vuto la mmutu timaganiza za munthu wotola zinyalala pa msika, womva mawu amene ena sakumva, wopita naye ku Zomba. Uyu ayi. Uyu amadziwa tsiku, amadziwa mtengo wa shuga, amadziwa kuti kuba n'kulakwa, mwinanso amayankhula bwino kuposa tonsefe. Dokotala wina wa ku America, Hervey Cleckley, analemba buku mu 1941 lotchedwa The Mask of Sanity pofotokoza anthu amene ankawaona, akuti amavala umunthu ngati chigoba, kunja zonse zili mmalo mwake. Ife timati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, koma apa mwina mkatimo mulibe ndi nyerere zomwe, muli zii. Kenako Robert Hare wa ku Canada, amene anagwirapo ntchito mndende, anapanga muyeso umene akugwiritsa ntchito mpaka pano, uli ndi mfundo 20, iliyonse amaipatsa 0, 1 kapena 2, nde pamwamba penipeni ndi 40, ndipo ku America amati munthu akafika 30 ndi psychopath. Mfundo zake ndi monga kukoma pakamwa, kudzimva, kunama kosalekeza, kusamva chisoni, kusadziimba mlandu, kudyera anzako masuku pamutu, kuchita zinthu mosaganizira mawa. Amati mwa anthu 100 alionse pamakhala mmodzi wofika pamenepo, koma mndende za kumeneko amachuluka, mwina 15 mpaka 25 pa 100 alionse. Ndipo si nkhani yoti uli nacho kapena ulibe, zili ngati kutalika kwa msinkhu, ena ali nazo pang'ono ena kwambiri.

Koma ine chimene ndinkafuna kudziwa n'chakuti mmutu mwa munthu amene akuyang'ana gogo akulira atagwada mumachitika chani.

Kafukufuku wake anayambira pa thukuta. Munthu ukamaopa, mmanja mumachita kachinyezi olo iwe osadziwa, ndipo pali kamakina kamene kamayeza zimenezo pakhungu. David Lykken mu 1957 anapeza kuti akaidi amtunduwu akamva belu limene likutsatiridwa ndi shoko ya magetsi, thupi lawo silinkaphunzira kuopa belulo mmene ena ankachitira. Hare mu 1965 anachita zina zosavuta kumva, ankawaonetsa manambala kuyambira 1 mpaka 12 atawauziratu kuti pa 8 alandira shoko. Anthu wamba thukuta linkayamba kale manambala akali kutali, mtima uli mmwamba kudikira 8 uja. Enawa thupi linkangokhala phee mpaka pafupi penipeni. Taganizani mwana wasukulu amene wauzidwa kuti ukaweruka upite ku ofesi ya ahedi, tsiku lonse samva za mkalasi, nsima siyilowa. Ndiye pali munthu wina amene mantha a zimene zikubwera aja alibe, olo umuuze kuti mawa kubwera apolisi, usiku agona tulo tabwino. Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake kumuopseza alamu kuti tikakusiya kwa amfumu kunalibe ntchito.

Mu 1991 Hare ndi anzake anayesanso ndi mawu. Ankaonetsa zilembo pa sikirini, munthu adine batani akaona kuti ndi liwu lenileni. Ife tonse liwu lokhudza mtima, monga imfa, timalizindikira msanga kuposa liwu wamba ngati tebulo, ndipo ubongo umagwedezeka nalo mosiyana. Kwa akaidi aja panalibe kusiyana, imfa ndi tebulo zimangofanana. Akatswiri ena akale anati munthu wotere amadziwa mawu a nyimbo koma nyimboyo saimva. Nditawerenga pamenepo ndinaika foni pansi kaye, chifukwa munthu uja ankayimba kwaya, ndipo pa maliro akayambitsa nyimbo azimayi ankalira mnyumba monse.

Mkati mwa ubongo, mbali zonse ziwiri cha kufupi ndi makutu koma mkati ndithu, muli tinthu tiwiri tating'ono ngati mtedza, dzina lake amygdala. Ntchito yake ina ndi kukhala ngati mlonda, ikaona choopsa imaliza belu thupi lonse lidzuke, komanso ndi imene imagwidwa ukaona mantha kapena chisoni pankhope ya mnzako. James Blair ndi amene analimbikira kwambiri mfundo imeneyi, kuti mwana wamba akamenya mnzake n'kuona nkhope ija yasintha, maso atuluka, milomo ikunjenjemera, iyenso mkati amamva kuwawa, ndipo kuwawa kumeneko ndi buleki, ndi kumene kumamuphunzitsa pang'onopang'ono kuti kupweteka munthu n'koipa asanamve n'komwe za malamulo khumi. Chikumbumtima chimamera pamenepo. Ndiye kafukufuku wambiri wapeza kuti anthu a makhalidwe amenewa amavutika kuzindikira nkhope ya mantha, pena ya chisoninso, pomwe ya chimwemwe amaidziwa bwinobwino. Mu 2008 Abigail Marsh ndi Blair anaika achinyamata ouma mtima chonchi mmakina ojambula ubongo a MRI n'kumawaonetsa nkhope za anthu amantha, amygdala yawo inkayankha mofooka poyerekeza ndi ya anzawo. Mayi yemweyu mu 2014 anakayeza anthu a mbali inayo, amene anapereka impso yawo kwa munthu osamudziwa n'komwe, anapeza kuti awowo amygdala ya kumanja ndi yokulirapo ndipo imayankha mwamphamvu ikaona nkhope ya mantha. Ndinaganiza za anyamata aja amene nthawi ya Freddy ankalowa mmadzi othamanga kukakoka anthu oti si abale awo. Anthufe tinapangidwa mosiyana zedi.

Palinso mbali ina kuseri kwa chipumi, pamwamba pa maso, imene imatenga uthenga wa mlonda uja n'kuuika pa sikelo posankha chochita, kuti ndalama iyi ndikadya amayi agona panja. Mu 2011 ofufuza ku Wisconsin anajambula akaidi n'kupeza kuti mwa amene anali ndi psychopathy, msewu wolumikiza mbali imeneyi ndi amygdala unali wofooka. Kwathu kuno timadziwa tanthauzo la mlatho kuduka, uku kuli anthu uko kuli anthu koma uthenga sukuwoloka.

Ndisakunamizeni kuti nkhaniyi inatha, akatswiri eni ake akukanganabe. Kafukufuku wina sanapeze kusiyana kwa amygdala kumeneku, ambiri mwa oyezedwa ndi amuna a mndende za ku America ndi ku Ulaya, ndipo palibe makina amene angajambule mutu wa munthu mmodzi n'kunena kuti uyu ndi psychopath. James Fallon, katswiri wa ubongo ku California, anapeza kuti chithunzi cha ubongo wake womwe chikufanana ndi za zigawenga zimene ankafufuza, chonsecho anali bambo wapabanja amene sanaphepo munthu, ndipo iye ankati chinamupulumutsa ndi chikondi chimene anakulira nacho.

Koma kafukufuku amene anandipweteka kwambiri, mpaka ndinakwiya, ndi wa ku Netherlands wa 2013, wa Harma Meffert ndi Christian Keysers. Anatenga akaidi a psychopathy, ali mmakina muja n'kumawaonetsa mavidiyo a manja awiri, pena dzanja lina likusisita linzake, pena likulimenya, pena likulikankha. Munthu wamba ukaona dzanja la mnzako likumenyedwa, mbali za ubongo wako zimene zimamva ululu wako womwe zimayaka, ndi chifukwa chake timachita tsinya tikaona wina wadzitema ndi chikwanje. Mwa akaidi aja zinkayaka pang'ono chabe. Ndiye anawauza kuti onereninso, koma ulendo uno yesetsani kumva zimene munthuyo akumva. Kusiyana kuja kunachepa kwambiri, kutsala pang'ono kutha. Kutanthauza kuti waya ulipo, babu lilipo, koma kwa ife nyali imayaka yokha olo tisafune, kwa iwo switchi imakhala yozimitsa mpaka atafuna okha kuyatsa. Joseph Newman naye wakhala akunena zofananako, kuti anthu amenewa maso akalunjika pa chimene akufuna, zina zonse za mmbali, kulira kwa munthu, chilango chimene chikubwera, sizilowa n'komwe.

Nde mukuona chimene chinandikwiyitsa? Tsiku la ankhoswe lija munthu uja ankadziwa bwinobwino mtima wa amalume uli pati, ankadziwa vesi imene ingawafewetse, ankadziwa kuti amayi akamva liwu loti “mayi wanga” asungunuka. Kuwerenga anthu ankatha kuposa tonse. Achemwali anandiuza pambuyo pake kuti zaka zonse zija akati alongedze katundu wake amuthamangitse, tsiku lomwelo ndi limene ankabwera ndi kachitenje katsopano ndi mawu okoma, ngati ankaona mumtima mwawo. Kudziwa zimene mnzako akumva ndi kumva naye limodzi ndi zinthu ziwiri, ndipo mu ubongo zimayenda njira zosiyana. Ife tinkaona choyambacho n'kumayesa kuti chachiwiri chiliponso. Ndipo olo ubongo wake utakhala kuti unapangidwa mwa mtundu wina, ine sindimuchotsera mlandu ayi, munthu amene amabisa, kukonza bodza, kusankha wofooka woti amudyere, ameneyo akudziwa chimene akuchita.

Banja linatha, anachoka pamudzi, tinamva kuti anakwatiranso cha ku Thyolo uko ndipo akuyimbanso kwaya. Malata tinagula chaka chinacho, pang'onopang'ono. Zikanathera pamenepo sindikanalemba.

Koma anasiya mwana wamwamuna, pano ali ndi zaka 7, ndipo akukhala ndi ine chifukwa achemwali amalawirira kukathyola tiyi ku esiteti, kubwera madzulo atatopa. Mwana wokongola, wochenjera, masamu amakhoza kuposa anzake. Tsiku lina ndinamupeza kuseri kwa khola atagwira kamwanapiye, akukafinya pang'onopang'ono, kakulira, iye akungokayang'ana mwachidwi ngati akuona mmene wailesi imagwirira ntchito. Miyendo yanga inazizira. Akamenya mnzake n'kukwapulidwa, salira kwenikweni, ndipo mawa abwerezanso. Aneba ayamba kale kunena kuti magazi a bambo ake, mwana wa njoka ndi njoka, ndipo amanena iye ali pomwepo akumva.

Zoti magazi amatengako mbali ndi zoona, sindingatsutse. Essi Viding ku England anafufuza mapasa a zaka 7 ambirimbiri mu 2005 n'kupeza kuti kuuma mtima kotereku kumayenda kwambiri mmagazi. Koma akatswiri amapewa kutchula mwana kuti psychopath, ndipo ana ambiri oterewa sakula n'kukhala choncho. Ku America mu 2016 anafufuza ana oleredwa ndi makolo ena osawabereka, anapeza kuti olo mayi womubereka anali wa makhalidwe ovuta, mwana amene mayi womulera ankamuyamikira ndi kumulimbikitsa akachita bwino, kuuma mtima kuja sikunkamera mwamphamvu. Ndipo chinthu china chimene ndinachigwira ndi manja awiri ndi cha Mark Dadds wa ku Australia mu 2006. Iye anaona kuti ana oterewa sayang'ana mmaso mwa munthu, chonsecho mantha amaonekera mmaso. Atawauza kuti yang'ana maso, anayamba kuzindikira nkhope ya mantha pafupifupi ngati anzawo.

Apa pali povuta kwa ife, chifukwa mwana wamakhalidwe kwathu kuno ndi amene amayang'ana pansi akamayankhula ndi akulu, ukamuyang'anitsa munthu wamkulu mmaso amati ndiwe wamwano. Ndipo mankhwala athu a mwana wosamva ndi amodzi, kamtengo ka pichesi kapena lamba. Koma ngati thupi la mwanayo siliphunzira ndi mantha, ukumenyeranji? Ukungomuphunzitsa kuti wamphamvu ndi amene amamenya. Ubongo wa anthu amenewa umakokedwa kwambiri ndi mphotho kuposa kuopa chilango, ndipo ku Wisconsin komweko kuli malo osungirako anyamata ovutitsitsa otchedwa Mendota, kumene anachepetsa zilango n'kuyamba kupereka timphotho tamsangamsanga pa khalidwe labwino la tsiku limenelo, ndipo anyamata ochoka kumeneko anapezeka kuti sabwereranso ku zauchigawenga mmene ankachitira ochokera malo ena.

Nde ine ndinasiya kumukwapula, olo amayi amati ndikumulekerera. Malamulo alipo ndipo sasintha, akalakwa mpira sakasewera tsiku limenelo, ndimanena kamodzi mosakalipa. Akachita chabwino olo chaching'ono, kugawira mnzake chigumu, kutungira agogo ake madzi, ndimamuyamikira pompopompo osadikira mawa. Ndipo ndimagwada kuti tifanane msinkhu, n'kumuuza kuti ndiyang'ane mmaso mwanangu, ine si mlendo. Poyamba ankangoyang'ana pakamwa panga kapena kumbali. Zimatopetsa, masiku ena ndimalowa mnyumba n'kulira ndekha chifukwa zimaoneka ngati ndikuthira madzi mdengu lothyolera tiyi.

Sabata yatha analanda kagalimoto kamawaya ka mwana wa aneba, kamwana ka zaka zinayi, n'kukakankhira pansi. Ndinamugwira dzanja, tinagwada tonse pafupi ndi kamwanako, ndinati usayang'ane galimoto, yang'ana maso ake, ukuona chani? Anayang'ana nthawi yaitali ndithu, mpaka ndinayesa kuti sayankha. Kenako anati, “Akuopa.” Ndinati akuopa ndani? Anakhala chete, n'kunena motsitsa mawu, “Ine.” Galimoto ija anabweza, sanapepese, anangoiika pansi pafupi ndi phazi la mwanayo n'kubwerera mmbuyo. Madzulo ndikusenda mbatata pakhonde anabwera kudzakhala pafupi nane, n'kundifunsa kuti, “Amayi aang'ono, inunso mumandiopa?” Ndinaika mpeni pansi, ndinamuuza kuti ayang'ane yekha mmaso mwangamu aone.